Zitsekerero Zinayi

Anabadwa Lachinayi, mvula ikununkhira,
pachipatala cha Khombedza magetsi atazima.
Nditamuunika ndi tochi ya foni
ndinatuluka panja osalavula liwu.
Ine wakuda bii, Enelesi wakuda kundiposa,
mwana woyera ngati thonje la m'dengu,
tsitsi ngati ndevu za chimanga chanthete.

Paja amati make mbuu, mwana mbuu.
Nanga uyu mbuu wake anautenga kuti?

Masabata atatu ndinagona kwa achimwene ku Kamuzu Road
ndikuwerenga amuna pa zala:
wogula thonje uja, dalaivala wa lole ya mchenga,
ngakhale mlaliki anabwera pa Pasaka.
Njinga yanga ya kabaza inkaidziwa njira ya kwathu,
ine ndinkaikhotetsa.

Anandikola ndi a Kamphinda a kuchipatala
nditawanyamula kuchokera kudepoti.
Ndalama sanapereke msanga. Anati, takhala apa.
Anatola zitsekerero za mabotolo pakhonde la golosale,
ziwiri zofiira, ziwiri zoyera.
M'dzanja langa chofiira ndi choyera,
m'dzanja lawo chimodzimodzi.
"Ine ndikhala Enelesi. Usaseke.

Munthu amanyamula ziwiriziwiri,
china cha bambo, china cha mayi.
Dzina lake majini."
Ndinadzidzimuka, iwo n'kuseka:
"Osati aja ogwira anthu usiku.
Awa ndi malangizo olembedwa m'thupi.
Chofiirachi n'cholongolola, chikalankhula khungu limada.
Choyerachi n'chamanyazi, chimabisala kuseri kwa chinzake,
chimadutsa mwa agogo, mwa makolo,
osatsokomola n'komwe.
Tsinzina, upereke chimodzi. Nanenso ndipereka chimodzi."

Koyamba, chofiira ndi chofiira.
Kachiwiri, chofiira ndi choyera:
"Wakuda uyu, ngati Ganizani wanu woyamba,
koma wanyamula katundu wosamudziwa."
Kachitatu chomwecho. Kachinayi chomwecho.
Kachisanu nditatsegula maso
zoyera ziwiri zinali gwagwagwa pasimenti,
china chochokera m'dzanja langa, chikadali chofunda.

"Mayi yekha sangathe," anatero.
"Mimba iliyonse ndi maere atsopano,
mpata umodzi pa inayi,
ndipo maere sakumbukira za dzulo."
Anandilipira, n'kuwonjezera ya fanta.

Ndinapalasa mpaka ku Thavite kwa azakhali,
kukafunsa amene anandisenzetsa choyerachi.
Anasenda mtedza nthawi yaitali asanayankhe.
Kenako anati: bambo ako anali ndi mlongo wina.
Anabadwa chaka cha dzombe.
Sanatuluke m'chikuta.
Amayi ake anauzidwa kuti asalire,
dzina sanamupatse.

Pobwerera ndinakumbukira mbuzi zathu zakuda ziwiri
zimene zinaswa kamwana koyera chaka chatha.
Palibe anaiyika pabwalo mbuzi ija.
Tinangoti taonani kukongola, tikagulitsa mokwera.

Ndinafika dzuwa lili paliwombo,
chipewa chaching'ono cha pa kaunjika m'thumba,
ndi mafuta oteteza khungu a Kamphinda anandilembera.
Enelesi anali kuchapa matewera kuseri.
Sanadzuke. Sanandilandire njinga.
Ndinayala zitsekerero pamwala wochapira,
ndinayamba kufotokoza, lilime likupunthwa.
Anandidula: "Ine sindinafune zitsekerero
kuti ndidziwe amene ndinagona naye.
Tamunyamula, ndiyanike."

Ndinamunyamula.
Maso ake ankavina, kuthawa kuwala,
ndinamutembenuzira kumthunzi wa chifuwa changa.
Apo m'pamene ndinaona khutu lakumanzere,
lopindika pamwamba ngati tsamba la fodya,
khutu langa, khutu la bambo anga,
limene anzanga ankandinyoza nalo kusukulu.
Masabata atatu linali pomwepo
kudikira kuti ndisiye kuyang'ana khungu.

Dzina anali atapatsidwa kale, ine kulibe.
Ndiwathu.
Sindinafunse ngati "athu" akewo ndilimo.
Zitsekerero ndimasunga m'thumba la chishalo,
okwera akayamba kunong'ona kumsana kwanga
ndimaima pambali pa msewu
n'kuwauza kuti atsinzine.